Facebook ndi yaulere, nanga ndalama zonsezi zikuchokera kuti?

Mu 2023 kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inapeza ndalama zoposa madola 130 biliyoni a ku America. Koma palibe mmodzi mwa ife amene analipirapo Meta olo khobidi kuti atsekule akaunti. Bando timagula inde, tsiku ndi tsiku, koma ndalama ya bando imapita ku kampani ya foni. Ndiye ndalama za Meta zikuchokera kuti? Pafupifupi zonsezo, zoposa 95 pa 100 iliyonse, zimachokera kwa otsatsa malonda. Ndipo ngati otsatsa malonda akulipira ndalama zambiri chonchi ndiye kuti chilipo chimene akugula kumeneko.

Funso ngati limeneli ndi limene akatswiri a sosholoje, aja amafufuza za mmene anthu amakhalira limodzi, akhala akulimbana nalo zaka zoposa 100. Ambiri mwa iwo zida zawo anazitenga kwa anthu amene ankadzudzula kapitolizimu, dongosolo lija loti minda ikuluikulu, mafakitale, mabanki ndi makina zili m'manja mwa anthu ochepa amene ali ndi mpamba, ndipo ena tonse timagulitsa mphamvu ndi nthawi yathu kuti tidye, pomwe cholinga cha mwini mpamba ndi chakuti mpambawo uzingobereka. Simukuyenera kukhala munthu wodana ndi bizinesi kuti mumve zimene anthuwa ankanena. Ine ndimaona kuti zina mwa izo zimatithandiza kwambiri kumvetsa zimene zikuchitika pa foni zathuzi, zina anaphonya, ndipo m'pofunika kusiyanitsa.

Tiyambe ndi Karl Marx, munthu wa ku Germany amene ankalembera ku London. Mu 1867 iye analemba mfundo ina imene mpaka pano ikugwirabe ntchito. Anati katundu akafika pa msika amabisa anthu amene anamupanga. Wogula amangoona chinthu ndi mtengo wake basi, ngati chinthucho chinabadwa ndi mtengowo, ngati chili ndi mphamvu zakezake monga mmene ena amakhulupirira chithumwa, pomwe kumbuyo kwake kuli thukuta la anthu, kuli amene analamula ndi amene analamulidwa, kuli amene anadya ndi amene anagona ndi njala.

Mfundo imeneyi kwa ife siyovuta kumva chifukwa fodya timamudziwa. Munthu amene akugula paketi ya ndudu ku Ulaya amaona bokosi lokongola ndi dzina la kampani. Saona nazale yothiriridwa ndi kheni m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, saona mayi ndi ana ake atakhala pansi m'chigafa ku Kasungu kapena ku Mchinji akusoka masamba mpaka zala zitada ndi nthimbo ya fodya, kupachika pa mikangala, kusankha magiredi, kudinda mabelo pa jeke, kenaka kudikira kuti belo lija ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma ligulidwa bwanji, mwinanso kubwezedwa. Saona matenanti amene ankachoka kumwera, maboma ngati Mulanje ndi Phalombe, kukalima fodya wa eni ake chaka chonse akudya chimanga cha ngongole, pomaliza nkuuzidwa kuti palibe chatsala. Mu Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza, koma pa bokosi la ndudu palibe pamene panalembedwa zimenezo. Ndi zomwezonso ndi foni: mwala wa cobalt umene umalowa m'mabatire, pafupifupi magawo 70 pa 100 a dziko lonse amachokera ku DR Congo, madera ngati Kolwezi, ndipo bungwe la Amnesty International mu 2016 linaulula za ana amene ankagwira ntchito m'migodi yokumba pamanja kumeneko.

Apa ndi pamene nkhani ya mawailesi, makanema ndi manyuzipepala ikubwera. Chifukwa katundu akabisa amene anamupanga, malo amene atsala opanda kanthuwo amadzazidwa ndi nkhani ina, ndipo amene amaifotokoza nkhaniyo ndi wotsatsa malonda. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha fodya yemweyu. Ku America zaka za m'ma 1920 zinali zamanyazi kuti mzimayi azisuta pagulu, ndiye makampani ankaona kuti theka la msika likuwadutsa. Mu 1929 Edward Bernays, amene anali mphwake wa Sigmund Freud, katswiri wotchuka wa za maganizo a anthu, ndipo ankagwirira ntchito kampani ya American Tobacco, anakonza zoti atsikana angapo ayatse ndudu poyera pa perete wa Pasaka mu mzinda wa New York, nkuuziratu atolankhani kuti nduduzo ndi miuni ya ufulu wa amayi. Manyuzipepala anazilemba ngati nkhani, osati ngati malonda. Taonani chimene chinachitika apa: chilakolako chenicheni cha amayi chofuna ufulu, chimene chinali chabwino ndi choyenera, chinatengedwa nkumatidwa pa chinthu chopha. Ichi ndi chimene chimandipweteka ine pa nkhani yonseyi. Wotsatsa malonda sapanga zofuna zathu kuchokera pachabe ayi, amatenga zofuna zenizeni, ulemu, chikondi, ufulu, kuthawa umphawi, nkuziloza ku katundu wake.

Lero taonani malonda a kubetcha mmene achulukira, pa wailesi, pa zikwangwani za m'misewu, pakati pa mpira. Sakuuzani kuti bwerani mudzaluze ndalama. Amaonetsa mnyamata wovala bwino akuseka atagwira foni, chifukwa akudziwa kuti mnyamata amene anamaliza Folomu 4 zaka zapitazo ndipo ntchito sikupezeka chimene akufuna ndi khomo lotulukira, ndipo iwo akumugulitsa chiyembekezo cha khomolo pa mtengo wa K200 kapena K500 kamodzi, kangapo pa tsiku.

Anthu ena awiri a ku Germany, Theodor Adorno ndi Max Horkheimer, anathawa Hitler nkukapezeka ku California, pafupi ndi Hollywood. Anali ataona mmene chipani cha Nazi chinagwiritsira ntchito wailesi, ndiye atafika ku America nkuona mafilimu ndi nyimbo zikupangidwa mwa dongosolo la fakitale, anachita mantha. Cha m'ma 1944 analemba kuti zosangalatsa zasanduka katundu ngati sopo, zonse zofanana kungosintha chikuto, ndipo ntchito yake ndi yoti wantchito akaweruka apume mokwanira, asaganize zambiri, mawa abwererenso ku ntchito. Mbali ina ananena zoona, aliyense amene amamvera nyimbo akudziwa kuti kayimbidwe kena kakangogulitsa oimba onse amathamangira komweko mpaka titopa nako. Koma pali pomwe ine sindigwirizana nawo olo pang'ono. Anthuwa ankawaona omvera ngati opanda nzeru, ongomeza chilichonse. Adorno ankanyoza ngakhale nyimbo za jazz, zimene zinachokera kwa anthu akuda a ku America, anthu amene ankaimba zowawa zawo ndi luso lalikulu. Munthu amene akuti akumenyera anthu wamba koma akunyoza zimene anthu wambawo amakonda, penapake pasokonekera.

Amene anakonza mbali imeneyi ndi Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica amene ankaphunzitsa ku Birmingham ku Britain. Mu 1973 iye anati uthenga umene wailesi kapena kanema watumiza sindiwo umene umafika nthawi zonse. Wina amaulandira mmene uliri, wina amavomera theka nkukana theka malinga ndi moyo wake, wina amautembenuza kotheratu. Akuluakulu amene anakhalako nthawi ya chipani chimodzi, pamene MBC inali wailesi yokhayo m'dziko muno ndipo kanema kunalibe mpaka 1999, akhoza kukuuzani kuti anthu ankamvera nkhani zomwezo koma m'mitima ankadziwa zimene zikubisidwa. Anthu si zidole. Hall sankanena kuti mphamvu kulibe ayi, amene ali ndi wailesi amakhalabe ndi mwayi wosankha nkhani yoti tikambirane lero, koma omvera nawonso amagwira ntchito yawo.

Pa nkhani ya kugula, mayina awiri amatchulidwa kawirikawiri. Thorstein Veblen wa ku America mu 1899 anaona kuti anthu olemera amagula zinthu zodula osati chifukwa chakuti zimagwira ntchito bwino koma kuti ena aone kuti angakwanitse, ndipo apansi amayesetsa kutsanzira. Pierre Bourdieu wa ku France mu 1979 anapita patsogolo, anati ngakhale zimene timati "ine ndimangokonda zimenezi", chakudya, nyimbo, kavalidwe, kayankhulidwe, timaziphunzira kunyumba ndi kusukulu kumene tinadutsa, ndipo apamwamba amagwiritsa ntchito zokonda zawozo ngati mpanda wotsekera ena kunja. Izi timaziona pa intavyu ya ntchito pamene mwana wa ku sukulu yodula amapambana chifukwa cha katchulidwe ka Chingerezi, osati chifukwa chodziwa ntchito kuposa mnzake wa ku CDSS.

Koma pano ndikufuna ndichenjeze, chifukwa mfundo za anthu awiriwa ena amazigwiritsa ntchito ponyoza osauka. Mumva wina akuti taonani uyu akukhala nyumba ya lendi koma foni yake yodula. Abale, munthu amene amanyozedwa pa geti ya ofesi chifukwa cha nsapato zake akagula nsapato yabwino sikuti wapusitsidwa, wawerenga bwino mmene dziko likumuweruzira ndipo akudziteteza. Cholakwika chili pa dongosolo limene limayeza munthu ndi nsapato.

Kaunjika ndi chitsanzo chabwino cha mmene mbali ziwiri zonsezi zimakhalira zoona nthawi imodzi. Mbali yoyamba: makampani a zovala ku Ulaya ndi ku America amatulutsa masitayilo atsopano mothamanga, zosokedwa motchipa ku Bangladesh ndi maiko ena, anthu amavala kangapo nkutaya, zotayidwazo zimamangidwa m'mabelo nkubwera kuno, ndipo mafakitale athu a nsalu amene anali kale pa mavuto ena amavutika kupikisana nazo. Maiko a m'bungwe la kum'mawa kwa Africa la East African Community mu 2016 anagwirizana zoti aletse kaunjika pang'onopang'ono, koma America itaopseza ambiri anabwerera m'mbuyo, Rwanda yokha inalimba mtima nkukweza msonkho, ndipo mu 2018 America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala zake kumeneko popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lolola katundu wina wa maiko a mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho. Apa mphamvu zikuonekera poyera. Mbali yachiwiri: pitani pa msika tsiku lotsekula belo muone. Amayi azungulira, wogulitsa akudula zingwe, manja ali pikitipikiti, wina wakoka diresi akuyang'ana msoko, akuyang'ana kukhwapa ngati kwatha, akukoka nsalu kuti amve kulimba kwake, kenaka akupita nayo kwa telala kuti aibweze m'chiuno, aidule m'munsi, ituluke chinthu china chimene amene anaitaya ku London sangachizindikire. Katswiri wina, Karen Tranberg Hansen, anafufuza za msika wa kaunjika ku Zambia, amene kumeneko amati salaula, ndipo mu 2000 anaonetsa zomwezi, kuti ogula samangolandira zotsala za azungu, amasankha mwaluso ndipo amapanga kavalidwe kawokawo. Ndipo mabanja angati akulipira fizi ndi ndalama ya belo? Amene amangoona mbali imodzi, kaya yoyamba kaya yachiwiri, nkhaniyi sanaimalize.

Tsopano tibwere ku funso la ndalama za Meta. Amene analiyankha bwino analiyankha Facebook isanabadwe nkomwe. Dallas Smythe, katswiri wa ku Canada, mu 1977 anadzudzula anzake amene ankatsatira Marx kuti akutaya nthawi kumangokambirana za uthenga wa m'mapologalamu osafunsa kuti kodi wailesi ya malonda imagulitsa chani kwenikweni. Iye anati siigulitsa mapologalamu, imagulitsa omvera. Pologalamu ndi nyambo pa mbedza, ntchito yake ndi kusonkhanitsa anthu, ndipo anthu osonkhanawo ndi amene amagulitsidwa kwa wotsatsa malonda. Anawonjezeranso kuti nthawi imene timati tikupuma, tikumvera kapena kuonera, timakhala tikugwira ntchito yosalipidwa yophunzira zoti tigule.

Nthawi ya Smythe wailesi inkangoyerekeza kuti omvera ake ndi angati ndipo ndi otani. Facebook, imene inayamba mu 2004, siyerekeza. Imadziwa zaka zanu, dera limene muli, mtundu wa foni, anzanu, zimene mwakonda, vidiyo imene mwaima nayo nthawi yaitali ndi imene mwangoidutsa. Komanso mapologalamu sipanga yokha, timaipangira ndife, zithunzi za ukwati, mauthenga a maliro, mikangano ya ndale, nthabwala, zonsezo ndi zimene zimakoka anzathu kuti akhalebe pamenepo. Shoshana Zuboff wa ku yunivesite ya Harvard ku America mu 2019 anafotokoza kuti uwu ndi mtundu watsopano wa kapitolizimu, umene chuma chake chimachokera pa kuzonda khalidwe la anthu nkugulitsa ulosi wa zimene achite mawa. Ndipo mukangomvetsa kuti katundu ndi nthawi yathu, zinthu zambiri zimayamba kumveka. Nchifukwa chani palibe mapeto ukamatsitsa chala pa TikTok? Nchifukwa chani positi yotukwana imayenda kuposa yofotokoza bwinobwino? Sikuti pali munthu woipa wakhala penapake akufuna kuti tidane, koma makina anauzidwa kuti azikweza chimene chikugwira anthu nthawi yaitali, ndipo mkwiyo umagwira anthu. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza mbiri za anthu ofika mwina 87 miliyoni a pa Facebook nkumazigwiritsa ntchito pa kampeni za ndale, kusonyeza kuti omvera akagulitsidwa wogula sakhala wa sopo yekha.

Nkhani imeneyi inatifika pafupi kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu Julaye 2014 Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kuyambitsako apu ya Internet.org, mogwirizana ndi Airtel, yomwe kenaka inatchedwa Free Basics: masamba ochepa osankhidwa, kuphatikizapo Facebook yomwe, osalipira deta. Chaka chotsatira inafikanso ku Malawi. Kwa munthu amene alibe ya bando chimenechi chinali chithandizo chenicheni, sindingakane. Koma ku India anthu anafunsa kuti ndani wapatsa kampani imodzi mphamvu yosankhira osauka mbali ya intaneti yoti aone, ndipo mu Febuluwale 2016 bungwe loyang'anira zamafoni kumeneko linaletsa mchitidwewu. Kuno kwathu zimene a ku India ankaopazo tikuziona, kwa anthu ambiri intaneti ndiye Facebook ndi WhatsApp basi, ndipo mabando otchipa ndi a zomwezo pomwe bando yotsekula chilichonse ndi yodula.

Pali mbali inanso yokhudza atolankhani. Edward Herman ndi Noam Chomsky mu 1988 anafotokoza kuti m'maiko amene kuli ufulu wa atolankhani nkhani zimasefedwabe popanda wapolisi woima pa khomo, ndipo zina mwa zosefera zake ndi eni ake a nyumba youlutsa mawu komanso otsatsa malonda. Mkonzi safunika kuimbiridwa foni, amadziwa yekha kuti akalemba zoipa za kampani imene imagula tsamba lathunthu sabata iliyonse malipiro a mwezi uno avuta. Herman ndi Chomsky ankanena za America, koma m'maiko a msika waung'ono ngati lathu vutoli limakula chifukwa otsatsa akuluakulu ndi owerengeka, mabanki, makampani a foni, ndi boma lenilenilo. Mu 2010 boma la Malawi linauza nthambi zake kuti zisiye kutsatsa mu nyuzipepala za Nation Publications, ndipo aliyense anamvetsa chimene chinkatanthauza. Panopa ndalama za malonda zomwezo zikuthawiranso ku Facebook ndi Google, makampani amene salemba mtolankhani woti akakhale ku khoti kapena ku khonsolo tsiku lonse kumvetsera mmene ndalama zathu zayendera. Ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa zina zonse, chifukwa ntchito imeneyo ikafa palibe positi imene ingalowe m'malo mwake.

Enanso amatsutsa maganizo onsewa, ndipo ali ndi mfundo. Amati malonda ndi amene amalipirira zinthu zimene osauka sakanatha kulipira, ndipo taonani mayi wogulitsa zitenje kapena makeke amene WhatsApp status yake ndiye shopu yake, wachinyamata woimba amene kale akanadikira kuti wailesi imukomere mtima pano akungoponya nyimbo yake yekha, achibale a ku Joni akuyankhula ndi kwawo tsiku lililonse. Zonsezi ndi zoona ndipo ine sindikuuza munthu kuti afufute akaunti. Chimene odzudzula kapitolizimu anabweretsa mu sosholoje si lamulo loti tisiye kugula kapena kuonera, ndi mafunso oti tizifunsa pa chinthu chilichonse chimene chafika m'manja mwathu: mwini wake ndani, walipira ndani, wagwira ntchito ndani ndipo walandira zingati. Mayi wa makeke uja phindu akupezadi, koma malamulo a msika umene akugulitsirapo sakuwadziwa, akhoza kusintha usiku umodzi, akaunti ikhoza kutsekedwa ndipo palibe ofesi imene angapiteko kukadandaula.

Ndipo mfundo ya Marx ija yoti katundu amabisa omupanga ikugwiranso ntchito pa Facebook penipenipo. Zithunzi zoopsa, za kuphana ndi za kugwiririra, sizimangosowa zokha pa foni zathu, pali anthu amene amaziona kaye maola ambiri pa tsiku kuti azichotse. Ena mwa anthu amenewa ankagwira ntchito ku Nairobi, kudzera ku kampani ya Sama imene Meta inaipatsa kontilakiti, achinyamata ochokera maiko osiyanasiyana a mu Africa olembedwa chifukwa chodziwa zilankhulo za kuno. Mu 2022 magazini ya TIME inalemba za malipiro awo ochepa ndi mmene ntchitoyo inkawasokonezera m'mutu. Nkhani inapita ku khoti, Meta inati siyingazengedwe mlandu ku Kenya chifukwa si kampani ya kumeneko ndipo siyinawalembe ntchito mwachindunji, koma mu 2023 khoti loona za apantchito ku Kenya linakana kuichotsa pa mlanduwo, ndipo mu 2024 khoti la apilo linagwirizana nazo kuti milanduyo ikhoza kumvedwa konko.